Seva Yofunda Bulangete

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pamaliro. Kunali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nditamaliza maphunziro a kompyuta ku Lusaka koma ndili lova. Msuweni wanga anandinong'oneza kuti kampani ina yogula mtedza ikufuna munthu woika mapulogalamu pa seva ya kudepoti yake ku Lundazi. Seva ndi kompyuta yaikulu imene makompyuta ena onse a muofesi amadalira. Bwana wa kampaniyo ku Chipata sanachulutse mawu: "Msika wa nshawa utseguka kumapeto kwa mwezi. Seva ikasebenza, nchito ni yanu. Ikakana, musabwelenso."

Ku Lundazi anandilandira a Zimba, mkulu wa depoti, bambo wosamala zinthu woti njinga yawo ankaipukuta m'mawa ndi madzulo. Seva inali m'kachipinda koyang'anizana ndi potsitsira matumba, fumbi lili koboo. Ndinayala mawaya, ndinaika pulogalamu yoyendetsa makinawo, kenaka yosunga mayina a alimi, pomaliza yolandira kulemera kwa matumba kuchokera kusikelo. Madisiketi ndinkalowetsa imodziimodzi, magetsi akazima ndiyambirenso. Loweruka zonse zinayenda. Ndinauza a Zimba kuti asazimitse, seva ikhale yoyaka mpaka Lolemba ikusanja mayina.

"Osadandaula mama, tizaisamala," anatero.

Lolemba m'mawa, m'kuzizira kwa Juni kuja, alimi a ku Magodi ndi ku Mwase anali atadzaza kale pabwalo, matumba ali panjinga. Nditatsegula kachipinda kaja, fungo la pulasitiki wopserera linandimenya m'mphuno. Seva sinkaoneka n'komwe! Anali ataiveka thumba la feteleza, pamwamba pake bulangete latsopano, n'kumanga bwinobwino ndi mphira wa njinga. Timabowo tonse totulukira mpweya tinali totsekeka. Nditavundukula, chitsulo chake chinanditentha dzanja. Ndinadina batani, zii. Hadi disiki, momwe munali ntchito yanga yonse, inali itapsa.

"Adada, mwachita chiyani?" ndinafunsa.

"Fumbi, mama, na kuzizila uku," anayankha a Zimba, maso ali tong'o. "Wailesi yanga kunyumba nimaifundika. Manje makina odula so, agone pamtetete? Bulangete nagula neka."

Ndinafuna kukalipa, koma ndinadziletsa. Munthu anachita zomwe tonsefe timachita ndi chinthu chaulemu m'nyumba. Ndinakhala pathumba la mtedza n'kulira poyera, alimi akusuzumira pawindo. Tsikulo makalaliki anabwerera kubolopeni, mzere n'kufika kumsewu. Hadi disiki ina inali yoti ichokere ku Lusaka.

Masana bwana anaimba lamya. Anafunsa funso limodzi lokha: "Yasebenza?" Ndinati ayi. Ndisanatchule za bulangete, anali atadula kale.

M'mawa mwake a Zimba anandiperekeza kokwerera minibasi ya ku Chipata, chikwama changa chili panjinga yawo. Ndikukwera, anandipatsa bulangete lija atalipinda. "Tengani mama. Ine nikaliona mtima ubaba."

Ntchito ndinadzaipeza kwina. Koma mpaka lero, ndisanaike pulogalamu pa seva iliyonse, ndimaitana aliyense wa muofesimo, kuyambira bwana mpaka mlonda. Ndimawagwiritsa dzanja kumbuyo kwa makinawo kuti amve okha mpweya wotentha ukutuluka, n'kuwauza kuti chinthuchi chimapuma, sichimva kuzizira. Ena amaseka, ine sindiseka nawo.

Bulangete lija ndikali nalo. Ndimafunda ndine.