Chotupa cha Amayi Chilibe Dzina

Lachinayi, sabata yachiwiri ya Juni.

Nditaweruka kusukulu ndinakhala pakhonde n'kumasuntha batani la bulauzi yoyera ya amayi, ija amavala kumapemphero a azimayi. Kolala yake sikukumananso. Chotupa chili pansi pa khutu lakumanzere, cholimba ngati bango losapsa, ndipo chayamba kupendeketsa mutu wawo. Ndinasoka mosamala kuti asazindikire. Anazindikira ndithu.

Chinayamba chaka chatha, kakang'ono ngati nsawawa. Kuchipatala chaching'ono anati mwina ndi TB ya m'khosi. Amayi anamwa mapiritsi onse osaphonya, koma sichinaphwe. Pano mphuno imodzi yatseka, khutulo silikumva bwino, ndipo m'mawa ndimapeza timadontho ta magazi pa pilo. Ndimachapa ang'ono anga asanadzuke.

Lolemba ndinawaperekeza kuchipatala chachikulu ku Blantyre, chifukwa abambo ndi alonda kubwalo la ndege ku Chileka ndipo sanawapatse mpata. Adokotala anali mayi wolankhula mofatsa. Ndinamvetsera ndikuyang'ana nsapato zanga. Anati zotupa za m'khosi zimafanana kunja ngati matumba a chimanga osoka, sungadziwe lomwe lafumbwa usanapisemo dzanja. Akufuna kudula kanyama kochepa ngati nyemba, akakapake mankhwala amitundu, n'kukayang'ana pa makina. Anati khansa imayambira mkati mwa maselo, tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, malangizo ake akasokonekera, ndipo mtundu uliwonse umasiya chizindikiro chakechake. Ina imayenda ndi vairasi yobisala kuseri kwa mphuno.

“Tikadziwa dzina lake tidziwa mankhwala ake,” anatero. “Popanda dzina tizingolota. Mubwere Lolemba likubwerali. Chikakula chidzatseka njira ya chakudya.”

Koma kwathu kuno munthu sadulidwa mwini mbumba asanavomere. Dzulo amalume, achimwene awo a amayi, anabwera pa njinga kuchokera ku Chigaru. Anakhala pampando wa abambo.

“Mlongo wanga sakhudzidwa ndi mpeni,” anatero amalume. “Mayi athu munawaona. Anapita akuyenda okha, anakawadula, mwezi usanathe tinali kukumba manda. Chotupa chikalawa chitsulo chimalusa.”

“Alamu, sikuti akuchotsa chotupacho ayi,” anatero abambo. “Akungotapako kanyama kokayeza.”

“Kanyamako akapita nako kuti? Inu alamu, kalondereni ndege zanu zija. Pamudzi pano munabwera ndi sutikesi yokha.”

Abambo anaseka pang'ono, kuseka kwa mkamwini, n'kuyang'ana pansi.

Ine ndinali nditagwada, ndikuthira tiyi. Ndinkafuna kunena kuti agogo anapita kuchipatala chotupa chawo chitaphulika kale, kuti sindikukhulupirira kuti unawapha ndi mpeni. “Iwe, tiyi akutayika,” anatero amalume, ine n'kuthawira kukhitchini.

Amayi anali pamphasa pomwepo nthawi yonseyi. Palibe anawafunsa.

Lero nditamaliza kusoka anandiitana kuti ndiwathandize kutong'ola chimanga. Manja awo awonda, chitsononkho chimawapulumuka.

“Adokotala aja anati chiyani kwenikweni?” anandifunsa. “Khutu ili linandimana theka.”

Ndinasunthira kumbali ya khutu labwino. Ndinafotokoza za matumba a chimanga, za maselo, za chizindikiro. Sindikudziwa ngati ndinalondola zonse. Sindinawauze za njira ya chakudya, ngakhale ndaona kuti phala lokha ndi limene likudutsa.

“Ndiye kuti chinthuchi chili ndi dzina?”

“Eya, amayi. Koma lili mkati.”

Amayi anapitiriza kuponya njere m'lichero imodziimodzi.

“Ndatopa kumwa mankhwala a matenda a eni ake,” anatero. “Kaya ndifa, ndife ndikuchidziwa. Koma achimwene sindingawayankhe. Anandilera ndi iwo, anandiphunzitsa ndi iwo. Ndikawayang'ana ndimaona akunyamula bokosi la mayi athu.”

Ndimawaopa amalume. Chibadwire sindinalankhulepo nawo mawu oposa moni. Komanso ndikuopa kuti mwina akunena zoona, kuti ndikawakakamiza, zikadzavuta adzaloza ine.

Mawa sindipita kusukulu. Ndibwereka njinga ya abambo ndipite ku Chigaru. Ndikagwada pakhomo pa amalume ndi kuwauza mawu a amayi momwe anawanenera, osachotsapo ngakhale limodzi, ndipo sindikadzuka mpaka atandiyankha.