Mfundo za pa Waya Wofiira

A Goodwill Chinkhota amakwiya mwakachetechete. Ku tchalitchi cha ku Govanhill, mu mzinda wa Glasgow, amadziwika ngati bambo wofatsa uja wokonza maikolofoni ikayamba kulira pakati pa ulaliki. Ndi akazi awo okha, mayi Rozina, amene amadziwa kuti bambowa akayamba kuyankha chilichonse kuti "zikomo kwambiri", ndiye kuti m'kati mukuyaka moto.

Za magetsi a galimoto anaphunzira ku Biwi, ku Lilongwe, pa galaja ya a Thomson. Kumeneko waya ankagula wa mtundu umodzi, umene wapezeka, ndipo kapepala sikankakhalitsa pakati pa girizi ndi fumbi. Choncho ankamanga mfundo pa waya: imodzi ya nyali, ziwiri za hutala, zitatu za mawaipa, zina zoyandikana, zina zotalikirana. Ngakhale mutu ukhale kunsi kwa dashibodi, chala chinkawerenga chokha.

Atafika ku Glasgow mu 2007 analibe mapepala a ntchitoyo, ndiye analowa yotsuka mabasi. Koma manja sanaiwale. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo anagula galimoto ija imabwera m'zidutswa kuti ulumikize wekha, ya anthu awiri, yopanda denga, nachita lendi kagalaja ku Easterhouse. Mayi Rozina anangofunsa kamodzi kuti, "Yopanda denga, Glasgow yomwe ino?"

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Nelia, atapeza banja, ananena m'Chingerezi chake cha kuno kuti ku tchalitchi adzapita pa galimoto ya bambo ake, mvula igwe kaya isagwe. Oyesa magalimoto otere anapereka tsiku, Lachinayi. Akanaliphonya, lina likanapezeka ukwati utadutsa kale.

Chinatsala ndi kuika maswichi pa dashibodi basi. Mawaya khumi ndi anayi, ofiira okhaokha, anali kulendewera, aliyense ndi mfundo zake. Lamulungu potuluka m'tchalitchi, a Leonard anapempha kiyi wa galaja kuti akangoona galimotoyo. A Leonard ndi achimwene awo a mayi Rozina, katswiri wa makompyuta wa ku Shawlands, malume ake a Nelia, nkhoswe ya ukwatiwo. Munthu wotero sum'mana kiyi. A Chinkhota anapereka ndi manja awiri, n'kupita kuntchito.

Lolemba m'mawa atakweza chitseko cha galaja, anaima ngati chipika. Mawaya onse anali owongoka bwinobwino, opesedwa, omangidwa pamodzi ndi timalamba tapulasitiki. Mfundo ngakhale imodzi panalibe.

Anaimbira foni a Leonard.

"Alamu, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, alamu! Mwaona? Chinali chisa cha makoswe chimene chija. Maola atatu ndakhala ndikumasula, zala zatupa."

"Zikomo kwambiri."

"Kuntchito kwathu munthu woluka mawaya chotero timamuchotsa. Azungu oyesawo akanakusekani."

"Zikomo kwambiri, alamu. Nanga mwa khumi ndi anayiwa, wa hutala ndi uti?"



"Kodi simunalembe penapake?"

"Ndinalemba. Mwafufuta ndi inu."

Atadula foni anamenya ndowa theche, n'kuimenyanso itagwa kale. Zaka zisanu ndi chimodzi! Kuzizira konse kwa m'galaja muno, zala zikukana kugwira sipanala, kuti munthu wosadziwa ngakhale pamene pamakhala fyuzi abwere kudzapesa mawaya ngati tsitsi la mkwati! Chinawapweteka kwenikweni si mawayawo. Chinali chakuti a Leonard anaona mfundo zonse zija, zomangidwa mosamala, koma sanaganize n'kamodzi komwe kuti wotsuka mabasi angakhale ndi chifukwa.

Kunyumba anayamika tiyi, anayamika mpando, anayamika ngakhale mchere. Mayi Rozina anatenga foni n'kulowa nayo kukhitchini. Mlamu sungamukalipire, koma mlongo wake angathe.

"Achimwene, mawa kuntchito simupita. Ayi, sindikupemphani. Mwana ameneyu akapita ku tchalitchi pa takisi, mudzafotokoza nokha pamaso pa anthu."

Lachiwiri a Leonard anafika ndi kamakina kolembera timapepala tomata. Anapeza mipando yachotsedwa ndipo pansi payalidwa katoni.

"Gonani chagada apa, alamu, mutu kunsi kwa dashibodi. Waya uyu akuchokera ku batire. Muzigunditsa pa ofiirawo mmodzimmodzi, ine ndizizungulira kuona chimene chayaka."

A Leonard analowa, miyendo m'mwamba, nsapato zonyezimira zili pa chitsulo.

"Ndagunditsa!"

"Indiketa yakumbuyo kumanja. Ziwiri zoyandikana, imodzi patali. Mangani."

"Bwanji tingomata kapepala, alamu? Masiku ano..."

"Mudzamata mukatha. Mangani."

Waya wachisanu anapsereza fyuzi. Wachisanu ndi chiwiri sanayatse kanthu, ndipo anamulondola mpaka masana asanapeze kuti ndi wa kanyali ka mabuleki. Wachisanu ndi chinayi ndiye anali wa hutala. Inalira m'kagalajamo ngati lipenga la chiweruzo, a Leonard n'kuombetsa chipumi pa chiwongolero.

"Ziwiri basi ameneyo," anatero a Chinkhota, osafunsa za chipumicho.

Lachitatu a Chinkhota anaika maswichi ali okha, chitseko atatseka. Lachinayi woyesa uja anadina swichi iliyonse, chilichonse chinayankha mwake. Kenako anawalitsa tochi kunsi kwa dashibodi, nakhudza mfundo zija ndi chala, nafunsa kuti n'zachiyani. A Chinkhota anatsinzina, nagwira waya mmodzi. "Waipa," anatero. Anagwira wina. "Nyali zazikulu." Bamboyo anayesa n'kupeza zoona, anapukusa mutu, nasaina pepala.

Tsiku la ukwati mvula inagwa, monga anthu onse ankadziwira. Nelia anakhala pambali pa bambo ake atagwira ambulera, akuseka msewu wonse, ndipo pofika pa tchalitchi anaimba yekha hutala.

Kumadyerero a Leonard anapatsidwa maikolofoni ngati nkhoswe. Anayamikira akwati, anayamikira abusa, kenako analoza pawindo.

"Ndipo mwaiona nonse galimoto imene tinapanga ine ndi alamu angawa!"

Anthu anaomba m'manja, amayi n'kululutira. A Chinkhota anaika foloko pansi pang'onopang'ono.

"Zikomo kwambiri," anatero, mokweza mpaka tebulo lachitatu linacheuka.

Mayi Rozina anawagwira bondo kunsi kwa tebulo, osawasiya mpaka keke itadulidwa. Kiyi wa galaja ija masiku ano amakhala m'khosi mwa mwini wake, pa waya wofiira.