Chitseko cha Amayi Zuze

Fungo la makoko a manachesi limandibwezera ku Magaleta, m'nyengo yozizira ya chaka chomwe ndinali mu Sitandade 4. Tinkasenda manachesiwo kuseri kwa tchalitchi chathu chofolera ndi udzu, zala zitauma ndi mphepo ya m'mapiri, podikira amayi Zuze, aphunzitsi athu a Sande sukulu.

Ankatiphunzitsa sewero la mpingo woyamba: mtumwi ali m'ndende, abale akupemphera m'nyumba, mngelo n'kudzamutulutsa. Tchalitchi chinalibe chitseko, choncho Loweruka lililonse amayi Zuze ankazula cha kunyumba kwawo n'kubwera atachisenza. Mwana wawo Limbani ndiye anali mtumwi. Ine, poti ndinali wamanyazi, anandipatsa mawu ochepa a mtsikana amene amamva kugogoda: "Wabwera! Ali pakhomo!"

"Iwe Tadala, kweza mawu," ankatero akuseka. "Kodi ukuuza nyerere?"

Tsiku la sewero lisanafike, Limbani anayamba kutentha thupi, khosi n'kuuma. Anamugoneka pa chitseko chomwecho n'kumunyamula kupita kuchipatala, ndipo kumeneko anamutumiza kuchipatala chokulirapo cha ku Lisungwi. Ine sindinaope, chifukwa mathero a nkhani ndinkawadziwa. Abale akapemphera, womangidwa amabwera. Tinkapemphera madzulo aliwonse pabwalo pawo, ndipo popita kumjigo ndinkayeserera mawu anga mokweza.

Limbani sanagogode. Amisiri anapasula chitseko chija n'kukhoma bokosi.

Maliro atatha, amayi Zuze anabweranso kudzaphunzitsa, duku lakuda lili kumutu. "Ana inu, nkhani ija sindinaiyambire poyambira," anatero. "Mtumwi uja asanamangidwe, mnzake anaphedwa ndi lupanga. Mukuganiza kuti ameneyo abale sanamupempherere?"

Mumtima ndinaona ngati anatipusitsa, kutipatsa mbali yokoma n'kubisa yowawa. Tikakumana panjira ndinkangogwada, kuwayankha moni, maso ali pansi. Chaka chotsatira anasamukira kwawo kwa amuna awo, ndipo sindinawaonenso.

Lero ndimadziwa kuti funso lija sankafunsa ife, komanso kuti anabwera kudzapemphera nafe asanalipezere yankho. Ndimakumbukira nyumba yawo mmene inalili nyengo yonse ija: mkeka wolendewera pakhomo, mphepo ikuukankha. Ndinkaganiza kuti popanda chitseko palibe pogogoda, choncho sindinapite kukawaona. Kunkangofunika kuodira basi.