Banga la Pachifuwa

Ndinaganiza zochoka chaka chimene amesenjala anabwera kudzagwira anthu osakhoma msonkho, ine nkubisala m'nkhokwe ngati mbewa. Agogo, amene anandilera mayi atamwalira, sanandiletse. Anangoti, "Abambo ako anapitanso komweko ku Halale. Ukawaona manda awo, ukalimirepo."

Abambo sindinawadziwe. Ndinkangomva kuti anali ndi mpeni wosulidwa kwathu ku Ntcheu, wa chogwirira cha mlombwa chokhala ndi mizere yowotcha ndi moto. Sindinafunse zambiri. Ndinali mwana wosayankhulayankhula, ndipo ndinangoganiza kuti mwamuna sangapite kutali chotero osatenga mpeni wake.

Ntchito ndinaipeza ku mgodi wa golide ku Chakari, kufupi ndi Gatuma, kumene lero akuti Kadoma. Pansi pa nthaka ndinkaopa chilichonse: kulira kwa matabwa ochirikiza denga, fumbi, kapitawo. Ndalama zinali zochepa. Zina ndinkatumiza kwa agogo kudzera mwa anthu obwerera kumudzi, koma yankho silinkabwera, poti iwo sankadziwa kulemba ndipo sankakonda kupempha ena.

Mukomboni ndinayamba kuyang'ana m'manja mwa anthu. Munthu akatulutsa mpeni kuti adule fodya, maso anga anali pa chogwirira. Woyamba ndinagula kwa mkulu wina wa Chiyao chifukwa unali ndi mizere, koma anandiuza kuti unasulidwa ku Mangochi. Ndinausungabe. Kenako unabwera wa Chisena wopindika kunsonga, wa Chingoni wa chimake cha chikopa cha mbuzi, ndi wina wa Chishona wokulungidwa waya wamkuwa, umene wogulitsa anautchula bakatwa. Lamlungu anzanga akapita ku mowa ku Rimuka, lokeshoni ya ku Gatuma, ine ndinkatsala nkumaichotsa dzimbiri ndi phulusa, kuipaka mafuta, kuiyala pa bulangete. Wa abambo sunapezeke, manda awonso ayi, koma mipeniyo inkandikhazika mtima pansi.

Bambo Nkhoma, mtchona wokalamba amene tinkagona chipinda chimodzi, ankandinyoza. "Anzako akusunga za njinga, iwe ukusunga ndende. Apolisi akadzatsegula bokosilo, udzawauza kuti umasenda maungu?"

Zaka zitapita ndinamva kuti agogo maso awo akuchita khungu, ndipo ndinaganiza zobwerera. Bambo Nkhoma anati andiperekeza mpaka mumzinda wa Halale. Sabata yomweyo munthu anabayidwa ku holo ya mowa ku Rimuka, ndipo wobayayo, ankati ndi wa kwathu, anali asanagwidwe. Mipeni ndinaikulunga m'bulangete, pansi penipeni pa bokosi.

Ku Hatile, kumene tsopano ndi Chegutu, basi inaimitsidwa. Apolisi anatsitsa amuna onse nkutiimika pamzere, aliyense bokosi lake pamapazi. Dzuwa linali pamutu. Mnyamata wina patsogolo panga anamupeza ndi kampeni kodulira zikhadabo, ndipo anamumenya khofi nkumukankhira m'galimoto yawo. Ndinkaona bokosi langa ngati likupuma. Ndinaganiza za agogo akudikira pakhonde, ine ndili m'ndende chifukwa cha munthu amene sindinamuone nkomwe.

Wapolisi wamtali, Mshona, anatenga chitupa changa, nkundiyang'ana.

"Iwe muNyasarandi, une banga here?"

Chishona ndinkachimva mwapatalipatali, poti mukomboni tinkayankhula Chinyanja, ndipo pantchito Chilapalapa. Ndinamva kuti akufunsa ngati ndili ndi banga. Ndinaganiza kuti wobaya uja akumufuna ndi chizindikiro cha pathupi, ndipo ine ndinabadwa ndi banga loyera pachifuwa. Kubisa sikukanatheka.

"Ndili nalo, bwana," ndinatero.

Bambo Nkhoma anabuula chapansipansi. Wapolisi anabwerera m'mbuyo, dzanja pa chibonga. "Buritsa," anatero, kutanthauza kuti tulutsa.

Ndinamasula mabatani a malaya nkumuonetsa chifuwa. Anayang'ana banga lija, anayang'ana ine, kenako anaseka mpaka chipewa chinapendekeka. Anaitana mnzake kuti adzaone. Anandibwezera chitupa, nkundikankha paphewa kuti ndikwere. Bokosi sanalikhudze.

Basi itanyamuka, Bambo Nkhoma anandinong'oneza, "Chitsiru iwe, banga kuno ndi mpeni. Wavomera pamaso pa boma kuti uli nawo."

"Si bakatwa kodi?"

"Bakatwa ndi wa mizimu yawo. Khala chete, usavomerenso china."

Mpaka ku malire sindinachotse phazi pa bokosilo, ndipo aliyense wovala kaki ndinkamubisira nkhope.

Kumudzi ndinapeza amuna achepa kuposa mmene ndinasiyira. Madenga ambiri anali ogwa, akazi akufolera okha. Agogo anali pakhonde akusenda chinangwa ndi chidutswa cha khasu. Ndinawalonjera. Anandikoka malaya, kuwatsegula, nkuyandikizitsa nkhope yawo pachifuwa panga.

"Ndiwe," anatero. "Mawu asintha, koma banga ndi lomwelo."

Ndinayala mipeni pamphasa. Anaipapasa umodzi umodzi. "Zonsezi ukaphe nazo ndani?"

"Ndinkafuna wa abambo, agogo. Sindinaupeze."

Analoza ndi mlomo ku denga, pamwamba pa chitseko. Ndinapisa dzanja m'udzu wakuda ndi mwaye, nkutulutsa mpeni wa dzimbiri, wa chogwirira cha mlombwa.

"Anausomeka pamenepo m'mawa wa tsiku limene anachoka, nati adzauzula yekha. Denga ndafolera kangati, ndikuubwezera pomwepo."

"Bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa?"

Mipeni ina ija sinakhalitse. Akazi a m'mudzi ankabwera kudzabwereka, wina kukachekera masamba, wina kukasendera mbuzi ya pamaliro, ndipo sindinaitanitse. Wa Chisena uja ndinauona chaka chatha m'manja mwa mdzukulu wa mnansi wathu, utatha mpaka kuwonda ngati tsamba la bango. Wa abambo ndinauchotsa dzimbiri, kuupaka mafuta. Agogo anautenga m'manja mwanga, anauyesa pa chinangwa, nkundibwezera.

"Usaubwezerenso kudenga," anatero. "Pakhomo pano tasiya kudikira."