Galasi la khosi lalifupi

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anabwera kuchokera ku mafamu a ku Joni ndi jekete lachikopa ndi pakamwa basi. Atagula njinga anati nawonso ayamba kunyamula kachewere ngati ife a ku Mlangeni. Katundu wawo woyamba anali mbewu ya achemwali, matumba awiri amene anawasunga miyezi yonse kuti akabzale kudimba, kumunsi kwa msewu wa tala. Achemwali anandipempha kuti ndiwaperekeze kaye akasankhe galasi loonera kumbuyo, poti pamsewu uja malole samvera munthu chisoni.

Kwa wogulitsa zipangizo za njinga kunali magalasi amitundu iwiri. Ena akuda, osakongola, a khosi lalitali. Ena aakulu, onyezimira, a khosi lalifupi, a timaluwa tofiira m'mphepete. Aliyense wonyamula kachewere amadziwa kuti thumba likagona chopingasa pakaliyala limatulukira uku ndi uku, ndiye galasi liyenera kulipitirira.

“Tengani lakudali, alamu,” ndinatero. “Lalifupilo muzingoona thumba.”

Iwo n'kuti atanyamula kale lamaluwa, akudziyang'anamo ndevu.

“Inu alamu, kunja munapitako? Ine ndayenda m'misewu yeniyeni. Uwu ndi kanjira kakuchigayo.”

Wogulitsa anayamba kugwirizana nane, koma atakumbukira kuti lamaluwalo ndi lodula, anatseka pakamwa n'kutenga sipanala. Alamu anamangitsa awiri, ndipo njinga inaoneka ngati yokatenga mkwatibwi. Ndinawanyoza mumtima, mpaka lero ndimawanyozabe. Ndinangoti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imfotere yekha.

M'mawa mwake ndinawathandiza kumanga matumba aja, ine n'kumatsatira pambuyo ndi njinga yopanda katundu. Pamtsetse ndinaona lole m'galasi langa ikadali kutali, ndipo ndinapatukira m'fumbi. Ndinakuwa, koma mphepo inatenga mawu. Iwo anali pakati pa tala, msana uli njo, akuyang'ana m'magalasi odzaza ndi chiguduli. Hutala itawalirira m'khutu anadzidzimuka, njinga inagwera m'ngalande, matumba n'kuphulikira pamsewu. Lole inadutsa pamwamba pa mbewu ija, ina inali pambuyo pake n'kumalizitsa.

Alamu anadzuka opanda ndi bala lomwe. Anathamangira kunjinga, n'kupukuta magalasi ndi mkono wa jekete.

“Sanasweke,” anatero. “Zinthu zodula n'zolimba.”

Achemwali anabwera ndi beseni n'kuyamba kutola zotsala m'mphepete mwa tala, ine ndikuwathandiza. Beseni silinadzadze. Achemwaliwo anayang'ana kaliyala yanga, kenako anayang'ana ine.

“Inu achimwene munkadziwa kuti galasilo silionetsa kumbuyo?”

“Ndinawauza.”

“Nanga bwanji simunanyamule ndinu?”

Yankho ndinali nalo, koma silinali lonena. Ndinkafuna alamu achite manyazi anthu akuona. Chaka chimenecho achemwali anabzala mizere inayi yokha, ndipo ana awo ankadya kwathu.