Filimu Yopanda Nkhonya

Ku Nkope kuli mayi ena okalamba a ku Amereka amene amakhala okha kuseri kwa mzikiti. M'mawa uliwonse amapita kukagulira amphaka awo usipa, atavala chipewa chothothoka m'mphepete. Amati pa utsikana wawo ankasewera m'mafilimu, koma ukawafunsa ngati anatchuka amangopukusa mutu.

"Athu anali mafilimu a amphawi," amatero. "Kamera yobwereka, chakudya chophika tokha."

Palibe ankawakhulupirira, mpaka a Ndaona, amene amaonetsa mafilimu pamsika, anapeza filimu yawo imodzi. Loweruka masana holo inadzaza, ena ataimirira pakhomo, mayi aja atakhala kutsogolo. Anthu anadikira nkhonya, anadikira mfuti, koma pakanema panali mtsikana wa tsitsi lalitali akutsuka mbale, akucheza ndi anzake atatu m'khitchini.

"Kodi ndewu iyamba liti?" wina anakuwa.

Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, mabenchi n'kutsala okhaokha. A Ndaona anagwidwa ndi manyazi, ndipo anasendera kutsogolo kuti akapepese. Anawapeza mayiwo akuloza pakanema ndi chala, osadziwa n'komwe kuti holo yakhuthuka.

"Uyu anamwalira ndi khansa. Uyu pangozi ya galimoto. Akusekayo anali mwamuna wanga."

Filimu itatha, anapukuta misozi ndi chipewa chija.

"A Ndaona, jenereta ikadali ndi mafuta? Chonde, ndiikireninso. Ine sindinabwere kudzadziona ayi. Papita zaka makumi atatu ndisanamve mawu awo."