Munafuna Kudziwa Ngati Apulumuke

Lero m'gulu lathu la owerenga mabuku pa foni anthu akukangana za buku lija la kazitape amene adani akumusaka m'maiko ambiri. Ena akuti n'lokoma moti sungalisiye, ena akuti ndi bodza lokhalokha. Koma ine ndakumbukira inu, Ababa.

Mutatuluka m'chipatala ku Mua, maso atafooka, ndinkakuwerengerani bukuli pakhonde kwathu ku Golomoti, ndikumasulira m'Chichewa. Munkadandaula kuti, "Munthu ameneyu amadya nthawi yanji? Nanga kwawo alibe abale?" Koma ndikati ndipume, munkati ndipitirize. Tsiku lina masana, nkhani ili pakati, munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanawe, tsegula kumapeto. Ndikufuna ndidziwe ngati apulumuke." Ndinati mukuononga nkhani, koma nditamva mmene munkapumira movutikira, ndinatsegula. Ndinakuuzani kuti wafika kwawo ali moyo. Munamwetulira n'kuti, "Chabwino. Tsopano bwerera pamene tinalekezera, ndipo usathamange." Sitinafike patali, Ababa. Masamba otsalawo ndinawawerenga ndekha maliro atatha, pakhonde pomwepo, mokweza mawu, m'Chichewa.